Musalipire kaye mayi, ine zinandionekera

Mayi mnzanga, post yanu yofunsa za malo osungira ana akaweruka kusukulu ndaiwerenga ndili m'minibasi ndipo mpaka pano manja akunjenjemera. Ngati a madam a pamalopo akwiya chifukwa mwafunsa mayina ndi ma ID a anthu amene azitsala ndi mwana wanu akaweruka kusukulu, ndalama yanuyo igwireni kaye. Ndipo inu amene mukulemba m'munsimu kuti tisamavutitse anthu, mlonda ndi Mulungu, pepani, simunaimepo pageti mdima ukugwa mwana wanu palibe.

Wanga anali ndi zaka 6, ali Standard 1. Ine ndimaweruka 5 koloko ku town, bambo ake nthawi imeneyo anali ku Joni, mtsikana wantchito anapita kwawo kokakolola osabwereranso. Mwana akuweruka cha m'ma 12, ndimusiya ndi ndani? Ndiye ndinapeza malo m'dera lathu lomweli kuno ku Lilongwe. Nyumba ya mpanda, geti lopenta bwino, katungwe panja, timipando ta pulasitiki. A madam ake mphunzitsi wopuma, munthu wopemphera, wolankhula mofatsa zoti ukamamva umangoti apa ndiye ndafika. Ndipo musaganize kuti ndinali wopusa ayi. Ndinafunsa mapepala. Anandilowetsa mu ofesi, pakhoma pali masatifiketi m'mafulemu, aphunzitsi awiri onse ali ndi police clearance, pepala la kupolisi losonyeza kuti alibe mlandu. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ine ndiye mayi wochenjera, mpaka ndinakokerako anzanga awiri a kuntchito.

Chimene sanandiuze n'choti aphunzitsi a m'mafulemuwo amaweruka 3 koloko, chifukwa malipiro awo amathera pomwepo. A madam nawo ikangokwana 3 amathamangira ku shopu yawo kumsika. Kuyambira 3 mpaka makolo kubwera, ana ankatsala ndi mnyamata wosesa pabwalo ndi kutsegula geti, amene ana onse ankangomutchula kuti ankolo. Ine ndinkamuona tsiku lililonse, ndinkamupatsa moni, tsiku lina ndinamupatsako ya sopo. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti amene akulera mwana wanga ndi ameneyo.

Linali Lachinayi, mwezi wa June, kukuzizira koopsa. Kumapeto kwa mwezi, mukudziwa mmene msewu umadzadzira. Ndinafika cha m'ma 5:40, dzuwa litalowa kale. Geti linali pululu. Pakhonde pali chikwama cha mwana wanga, juzi yake ili pamwamba, botolo la madzi lagubuduzika pansi. Ndinaitana, zii. Kuseri ndinapeza kamtsikana, mphwawo wa a madam, zaka mwina 14, kakukoleza mbaula. Ndati mwana wanga ali kuti? Akuti watengedwa kale. Watengedwa ndi ndani? "Kaya, mwina ankolo."

Amayi inu, mawu oti "kaya" amenewo. Nkhongono zinazizira, m'mimba munatentha ngati ndameza khala. Ndinaimbira a madam, foni ikungoitana. Kachitatu ndi pomwe anayankha, kumbuyo kukumveka phokoso la msika. Akuti mayi musadandaule, ali pompo, mwina apita kogula mandasi. Ndati dzina lake lonse ndani mnyamatayu? Anatchula dzina loyamba lokha. Bambo ake ndani? Sakudziwa. Kwawo n'kuti? Akuti chakumwera. Amagona kuti? Akuti cha kuseri kwa chigayo, koma nyumba yake sanafikeko. ID munaionako? Chete. Nambala anali nayo, koma ukaimba sikupezeka. Munthu wakhala ndi ana a eni miyezi itatu, chomwe abwana ake akudziwa ndi dzina limodzi basi, ndi zoti anabwera naye ndi mayi wina wa kutchalitchi.

Ngati kuti sizinakwane, magetsi anazima. Dera lonse bii. Foni yanga batire ili pa 9. Ndinavula nsapato za kuntchito n'kuzisiya pageti pomwepo, ndinayamba kuthamanga chosavala ndikukuwa dzina la mwana. Anyamata a kabaza a pa siteji yathu, Mulungu awadalitse, anayi anasiya makasitomala n'kuyamba kuzungulira ndi magetsi a njinga zawo. Alamu anga anabwera ndi tochi, a community policing anatulukanso ndi mawisilo awo, wina anathamangira kukanena kupolisi. Tinalowa m'nyumba zosamalizidwa zija, zodzadza ndi udzu ndi zonyansa. Tinalowa m'munda wa mapesi. Tinatsikira kudambo. Pali chitsime china chosatseka kuseri kwa njerwa, alamu anga anandiuza kuti ndiime patali iwo akasuzumire okha. Ndinakana. Ndinagwada pamphepete, tochi ikuwala m'madzi akuda, ine ndikupemphera pemphero limene sindinaganizepo kuti mayi angapemphere, loti Ambuye ngati ali muno ndionetseni msanga. Munalibe. Ndinasanza pomwepo.

Bambo ake akuimba kuchokera ku Joni, wina anali atawauza kale, ine osayankha chifukwa ndiwauza chiyani, komanso batire. A madam anafika cha m'ma 7 atanyamula jumbo ya tomato. Tomato! Mwana wasowa, iwo anayamba amaliza kugula ndiwo.

Itadutsa 9 koloko, mnyamata wokazinga chipisi pachiwaya kumsika waung'ono uja anauza wa kabaza mmodzi kuti anaona mwamuna ali ndi kamwana ka yunifolomu, anagula chipisi n'kulowa mu video show momwe amaonetsa mpira pa jenereta. Ndinakwera njinga imeneyo sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji. M'katimo mdima, utsi wa fodya, fungo la thukuta ndi mowa, azibambo okhaokha akukuwa. Ndinamupeza kumbuyo kwenikweni, wagona pansi pa benchi, wadzipinda ngati kamphaka, miyendo ili zii ngati madzi a m'firiji, kajumbo ka chipisi kali m'manja. Anali atadzikodzera. Nditamunyamula anatsegula maso n'kunena kuti, "Amami, musawakalipire ankolo." Ankolowo anali tsidya la msewu pa shabini, ataledzera. Akuti amafuna amuperekeze kunyumba poona kuti ndachedwa, ndiye mpira unayamba. Kunyumba kwanga sanafikekoko n'kale lonse, amakudziwa bwanji? Anyamata a kabaza anafuna kumuphwanya, a community policing ndi amene anamulanditsa n'kupita naye kupolisi.

Koma chimene chimandidzutsa usiku mpaka lero ndi chomwe mwana ananena ndikumusambitsa. Akuti sikoyamba. Akuti akatsala awiri kapena yekha, ankolo amawatenga kokaonera, amawagulira chipisi, n'kuwabweza mama asanabwere, ndipo anawauza kuti akanena sadzawaguliranso. Miyezi yonseyo ine ndikumufunsa kuti zayenda bwanji lero, iye n'kumati bwinobwino. Tsiku limenelo munthuyo anangoledzera n'kuiwala nthawi. Akanapanda kuledzera, bwenzi ndikulipirabe mpaka pano ndikuwatamanda a madam.

M'mawa mwake apolisi a Victim Support Unit anatitumiza ku One Stop Centre ku Kamuzu Central, kuja amati Chikwanekwane, komwe achipatala, apolisi ndi a social welfare umawapeza malo amodzi. Ku Blantyre iliponso pa Queens. Anatilandira bwino, namwino wake analankhula ndi mwana mwaulemu kuposa mmene ine ndikanathera tsiku limenelo. Ndipo izi zisungeni: mukakayikira kuti mwana wagwiriridwa, musadikire kuti mukambirane kaye ndi achibale, mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo musathamangire kumusambitsa kapena kuchapa zovala. Ine ndinamusambitsa usiku womwewo, sindinkadziwa, ndinkangofuna kumuchotsa fungo la malo aja. Ndinakhala pabenchi panja ndikuwerenga matailosi a pansi. Atatuluka anati sanapeze chizindikiro choti anachitidwa chipongwe. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kuchitsime. Komabe mwana anakodza pogona miyezi ingapo, ndipo magetsi akazima ankakuwa.

Tsopano a madam. Loweruka anabwera kunyumba ndi amayi awiri a kutchalitchi, atanyamula shuga mapaketi awiri ndi nkhuku. Akuti tikambirane ngati anthu, nkhani isapite patali, bizinesi ingagwe, iwonso ndi amasiye akulera ana. Mmodzi mwa amayiwo anachita kunena kuti tithokoze Mulungu poti mwanayo sanapangidwe kanthu. Sanapangidwe kanthu? Kugona pansi pa benchi pakati pa zidakwa mpaka 9 koloko usiku si kanthu? Kenako a madam eni ake, osachita manyazi, akuti komanso inu mayi mumachedwa kudzatenga mwana. Mphindi 10! Pepala lomwe tinasainirana linkati mpaka hafu 5, ndipo ankolo aja mwanayo anatuluka naye cha m'ma 4, ine ndikadali pa desiki. Ndalama ya mwezi wotsatira ndinali nditalipiratu, anakana kubweza, akuti inalowa kale m'mabuku. Mawu oti pepani enieni sindinawamve. Nkhukuyo ndinawauza abwerere nayo.

Patapita masabata awiri mayi wina anandipeza kumsika n'kundinong'oneza kuti mnyamata yemweyo anachotsedwa pa nursery ina kudera lina chifukwa cha khalidwe lomwelo lotuluka ndi ana. Anangomupatsa malipiro ake n'kumuuza kuti azipita, nkhani inathera pomwepo kuopa kuononga dzina la sukulu. Ndiye muone: ngakhale a madam akanamutumiza kukadinda zala kulikulu la polisi ku Area 30, pepala likanatuluka loyera. Police clearance imaonetsa zomwe zinafika m'mabuku a polisi. Zomwe zinathera pa mkeka, kwa amfumu, kwa abusa, kapena ndi nkhuku ndi shuga, sizituluka. Mapepala a m'fulemu aja ndi amene anandigoneka tulo ine.

Ndipo ndisaname, nanenso ndinachita zomwezo. Apongozi anaimba, achimwene anga anaimba, bambo ake akuti mwana azikafunsidwa mafunso mpaka liti, dera lonse lidziwa, adzakula akumuloza chala. Kuntchito nako ndinali nditapempha kale masiku ambiri. Ndinatopa, ndinakauza apolisi kuti nkhaniyo ithe. Lero mnyamatayo ali kwinakwake, mwina akutsegula geti pamalo ena, mwina pomwe mukufunsapo inupa, ndipo pepala lake likadali loyera chifukwa cha ine. Malo a a madam aja akadali otsegula, anangopentanso geti.

Ndiye langizo langa, inuyo zikakuonekerani musavomere zokambirana. Pitani nayo mpaka kumapeto. Lamulo lilipo, Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kutanthauza kuti kamtsikana kokoleza mbaula kaja nakonso kanali kamwana kofunika kukayang'anira, osati kosiyira ana a anthu. Nambala ya 116 yonenera nkhanza kwa ana ndi yaulere, isungeni m'foni, muphunzitsenso mwana.

Mapepalawo afunseni ndithu, musawasiye. Police clearance ya aliyense, osati aphunzitsi okha: mlonda, wophika, wosesa, dalaivala, wa kabaza amene amawatengera ana, ngakhale mwana wa a madam wamkulu amene amangokhala pakhomopo. Chiphaso cha unzika pafupifupi wamkulu aliyense ali nacho masiku ano, achite fotokope, inu muone ndi maso. Mchemwali wanga ali ku Leeds ku UK amati kumeneko sungayambe ntchito ya ana popanda DBS, police clearance yakumeneko, ndipo palibe amene amakwiya akafunsidwa, koma kuno ukafunsa umaoneka ngati wamwano. Khalani wamwano. Funsani komwe munthuyo ankagwira kale ndipo muimbe nokha, musafunse kuti anali wabwino, funsani kuti anachokeranji. Pitani ku ofesi ya social welfare kwa DC mukafunse ngati malowo amawadziwa. Pakhale buku losainira potenga mwana, ndi mayina a anthu ololedwa kumutenga. Ndipo zoti "anabwera naye ndi wa kutchalitchi" musazimvere n'komwe, tchalitchi si polisi.

Wanga pano ali ndi zaka 9. Akaweruka amakhala kwa agogo ena oyandikana nafe, timapemphera limodzi. Alibe satifiketi, alibe clearance, kulemba dzina lawo kumene amavutika, ID yawo sindinaionepo. Koma sachoka pakhomo, ndipo ndikaimba 4 koloko amapereka foni kwa mwana ndimve mawu ake. Ndinasiyanso kufunsa kuti zayenda bwanji. Ndimafunsa kuti lero unatsala ndi ndani, munapita kuti, wakugulira chiyani ndani. Ndinamuuza kuti munthu wamkulu akati usakanene kwa amami, chimenecho ndiye choyamba kudzanena, ndipo sindidzamumenya.

Mawa musawaimbire a madamwo. Pemphani kuntchito mutuluke msanga, mukafike cha m'ma 4, nthawi yomwe sakukuyembekezani. Muwerenge ana, muwerenge akuluakulu, muone ngati a m'mafulemu aja alipo. Amene akutsegulireni geti mumufunse dzina lake lonse, kenako mukafunse a madam padera, muone ngati mayinawo afanane. Mubwere mutiuze.