Mwana wanga ku mkombaphala akungosewera, ndimusamutse?

Sabata yatha mayi wina anandilembera imelo ali ndi nkhawa. Akuti mwana wawo wa zaka 4 amabwera ku mkombaphala ali mbuu ndi fumbi, m'thumba mutadzadza zitsekerero za mabotolo, ukamufunsa waphunzira chani amangoti timasewera. Pomwe wa aneba, msinkhu womwewo, amalakatula ABC mpaka Z ndi masiku a sabata mu Chingerezi. Ndiye akufunsa, fizi imeneyi sindikungotaya? Ndimusamutse?

Mayi, dikirani kaye. Wa anebayo tsiku lina mumulembere M pansi mumufunse kuti ichi nchani, ana ambiri oloweza chonchi amayambiranso ku A nkumaimba mpaka akaipeze, chifukwa chomwe ali nacho m'mutu ndi nyimbo. Kapena mumuikire miyala 7 munene kuti ndipatse inayi. Apo ndi pomwe mungaone kuti zitsekerero zija zili ndi ntchito, mwana amene wakhala akuziika m'magulu, zofiira uku zobiriwira uko, kugawana ndi mnzake nkukangana kuti iwe watenga zambiri, ameneyo nambala waigwira ndi manja ake.

Kaphunzitsidwe kotsata mwana sikachilendo. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula sukulu yake yoyamba mu 1907 ku San Lorenzo mumzinda wa Rome, ndipo inali ya ana a anthu osauka omwe makolo awo amakhala ku ntchito tsiku lonse. Anaika timipando ndi timatebulo tamsinkhu wa ana, zinthu pamalo oti mwana afikire yekha, nkuwasiya asankhe chochita, wina kusesa, wina kumanga mabatani, mphunzitsi ali pambali kuyang'anitsitsa nkumathandiza pomwe mwana wakakamira. Zimandipweteka kuti lero dzinali timaliona kwambiri pa zikwangwani za masukulu odula.

Komanso ife tomwe tinakula bwanji? Ku masanje palibe wamkulu amatiuza kuti iwe ukhala mayi iwe bambo, timagawana tokha, kuphika m'zitini, kuweruzana tikayambana. Phada ndi masamu. Galimoto ya mawaya mnyamata amapinda, kuyesa, tayala likakana kuzungulira nkumasula kuyambanso, osalira.

Ganiziraninso komwe akupita ali ndi zaka 6. Chiyambire 1994 pomwe pulayimale inakhala yaulere, Sitandade 1 m'masukulu ambiri a boma imakhala yodzadza, kwina ana kupitirira 100 mphunzitsi m'modzi. Aphunzitsiwo sangafike pa aliyense. Amene amapulumuka ndi mwana wodziwa kudikira nthawi yake, kumvera nthano mpaka kumapeto, kugwira pensulo, komanso wosaopa kukweza dzanja kunena kuti sindinamve. Ine zimandikhudza kwambiri izi chifukwa tili ndi akuluakulu ambiri oti pa msonkhano wa kumudzi kaya ku ofesi amangoti inde inde kumtima akukana, ndipo mantha amenewo ena tinawatenga tili aang'ono, chikwapu chili pa tebulo.

Koma ndisakunamizeni, sikuti paliponse pomwe ana akusewera ndiye kuti pali maphunziro, kwina ana amangosiyidwa basi. Ndiye pitani m'mawa wina osawauziratu, mukhale pakona ola limodzi. Muone ngati alezi amanjuta kuyankhula ndi mwana maso ndi maso, ngati amafunsa kuti wamanga chani apa nkudikira yankho, ngati pali nthano ndi nyimbo m'chilankhulo chomwe anawo amamva, komanso mwana akataya phala amatani naye, amamukalipira kapena amamupatsa kansanza apukute yekha. Mukapeza zimenezi musiyeni pomwepo mwana wanu, zovala muzingochapa. Mukapeza alezi ali pa foni ana akungoyendayenda padzuwa, mwezi ukatha musakalipirenso.