Kodi ndidane ndi BYU kuti ndikhale sapota weniweni wa Utah?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Salt Lake City, kwa m'bale wathu wina amene akuchita digiri yachiwiri pa University of Utah ku America. Akuti anzake a m'kalasi anamutengera kubwalo kukaonera mpira wa Chimereka uja wovala zipewa zolimba, ndipo waukonda. Koma pali zinthu ziwiri zimene zikumusowetsa mtendere. Choyamba, sakumvetsa chifukwa chake timu ya sukulu yake inachoka mu ligi ya Pac-12 n'kupita mu Big 12 popanda kutsika kapena kukwera. Chachiwiri, chokhudza BYU (Brigham Young University), yunivesite ya mpingo imene ndi mdani wamkulu wa Utah pamasewero, wachilemba motere: "Anzanga akamanena za BYU sanena za mpira wokha. Amanyoza tchalitchi chawo, amishonale awo, ngakhale mapemphero awo. Ine ndinakulira m'banja lopemphera ndipo zimandipweteka. Kodi ndiyenera kuyimba nawo nyimbo zimenezi kuti andione ngati mmodzi wa iwo?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Yankho langa pa funso lachiwirilo ndi lakuti ayi, musayimbe nawo. Koma ndiyambe ndi la ligi, chifukwa mafunso awiriwa ndi olukanalukana kuposa mmene mukuganizira.

M'masewero a mayunivesite a ku America mulibe kutsika kapena kukwera ligi. Ligi, imene iwo amaitcha conference, ndi mgwirizano wa masukulu amene avomerezana kumasewera okhaokha ndi kugulitsira limodzi masewero awo ku makampani a TV. Mumalowa mukaitanidwa, ndipo mumaitanidwa ngati mubweretsa owonera. Khomo la zonsezi linatseguka mu 1984, pamene khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu umene mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anasumira bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a mayunivesite. Khotilo linati NCAA isamalamulire yokha za kuonetsa mpira pa TV. Kuyambira pamenepo ligi iliyonse inayamba kudzigulitsa yokha, ndipo sukulu iliyonse inayamba kusuzumira m'mbale ya mnzake.

Zimene mwazipeza inuzi zinaphulika mu 2021, pamene Texas ndi Oklahoma analengeza kuti akuchoka mu Big 12 kupita ku ligi ya SEC. Mu June 2022, USC ndi UCLA, matimu awiri a mumzinda wa Los Angeles, anati akuchoka mu Pac-12 kupita ku ligi ya Big Ten, imene patangopita milungu yochepa inasaina mgwirizano wa TV wa madola pafupifupi 7 biliyoni pa zaka 7. Pac-12 itataya Los Angeles inalephera kupeza ndalama zokhutiritsa otsalawo. Colorado inatuluka mu July 2023. Pa 4 August chaka chomwecho Oregon ndi Washington anapita ku Big Ten, ndipo tsiku lomwelo Arizona, Arizona State ndi Utah yanu anathawira ku Big 12. Stanford ndi California analowa ACC, ligi ya kugombe la kum'mawa, tsidya lina la dziko. Pa masukulu 12 panatsala awiri okha, Oregon State ndi Washington State. Ligi imene mizu yake inayamba mu 1915 inagwa m'miyezi 14.

Izi zimandiwawa, ndipo sindibisa. Amene anasaina mapepala aja sakwera ndege usiku kuchoka ku Los Angeles kupita ku New Jersey kukasewera mu Big Ten, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, n'kubwerera kudzalemba mayeso. Amakwera ndi atsikana a volleyball ndi anyamata a mpira wamiyendo, amene masewero awo sabweretsa ndalama za TV. Ndipo masapota analandidwa adani awo akale. Texas ndi Texas A&M sanakumane pa mpira kuyambira 2012 mpaka 2023. Oklahoma ndi Oklahoma State, amene anakumana kwa zaka zoposa 100, anasiyana pambuyo pa 2023. Sapota safunsidwa pa zimenezi. Amangouzidwa kuti kuyambira chaka chamawa azidana ndi anthu amene sanawaonepo.

Utah ndi BYU ndi nkhani yosiyana pang'ono, chifukwa ndalama zomwezo zimene zinawalekanitsa ndi zimene zinawabwezera pamodzi. Masukulu awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 70, wina ku Salt Lake City wina ku Provo, ndipo kwa zaka zambiri ankayendera limodzi. Onse anali m'gulu loyambitsa ligi ya WAC mu 1962, onse anatuluka limodzi kukayambitsa Mountain West mu 1999. Nthawi ya mphunzitsi LaVell Edwards, kuyambira 1972 mpaka 2000, BYU ndiyo inali mfumu. Inakhala katswiri wa dziko lonse mu 1984, ndipo wosewera wake Ty Detmer anapata Heisman, mphoto ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite, mu 1990. Masapota a Utah achikulire amakumbukira zaka zimenezo ngati zaka zodyetsedwa fumbi. Kenako zinthu zinatembenuka. Utah inamaliza chaka cha 2004 osagonja, inabwerezanso mu 2008 n'kukagonjetsa Alabama 31-17 mu Sugar Bowl, amodzi mwa masewero akuluakulu otsekera nyengo ya mpira. Mu 2011 Utah inalowa Pac-12, BYU inatsala panja. Zifukwa zimene zinkanenedwa zinali zakuti BYU sisewera Lamulungu zivute zitani, komanso kuti mayunivesite a kugombe la kumadzulo sankafuna kukhala pa tebulo limodzi ndi sukulu yolamulidwa ndi mpingo. BYU inasankha kuyima payokha pa mpira, yopanda ligi, itagwirizana ndi kampani ya TV ya ESPN, ndipo inakhala choncho zaka 12.

Zaka zimenezo ndi zimene zinawawitsa mkangano. A Utah ankati ife takwera, inu mwatsala. Anapambana masewero 9 motsatizana kuyambira 2010 mpaka 2019, ndipo mu 2014 ndi 2015 sanaike n'komwe BYU pa ndandanda yawo, ngakhale kuti anakumanabe mu Las Vegas Bowl ya December 2015. BYU inathyola goli limenelo mu 2021 powina 26-17, inalowa Big 12 mu 2023, ndipo chaka chotsatira Utah, nyumba yake itagwa, inadzagogoda pa khomo lomwelo. Atakumana koyamba mu Big 12 mu November 2024, BYU inapambana 22-21 pa bwalo lanu la Rice-Eccles m'masekondi omaliza, oyimbira atapereka chilango chimene chinapulumutsa BYU pamene masewero ankaoneka ngati atha. Mkulu wa zamasewero ku Utah, Mark Harlan, ananena poyera kuti awabera, ndipo ligi inamulipitsa madola 40,000. Ndiye mukaona anzanu akutentha, dziwani kuti bala lake ndi laliwisi.

Tsopano za tchalitchi. BYU ndi ya mpingo wa Latter-day Saints, umene ambiri amaudziwa kuti Amormoni, ndipo likulu lake lili mumzinda womwe mukukhalawo. Ophunzira ake amasaina lonjezo loti samwa mowa, khofi kapena tiyi, sasuta fodya, ndipo sagonana asanakwatirane. Sukuluyo imachitadi zimene imanena. Mu March 2011 inaimitsa mmodzi mwa osewera ake odalirika a basketball chifukwa chophwanya lonjezoli, pamene timuyo inali pa nambala 3 m'dziko lonse. Osewera ambiri amasiya sukulu zaka ziwiri kukatumikira ngati amishonale. Chifukwa cha zimenezi masewero a Utah ndi BYU anapatsidwa dzina loti Holy War, kutanthauza nkhondo yoyera, ndipo anthu akunja amaganiza kuti ndi nkhondo ya opemphera ndi osapemphera.

Si choncho, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. University of Utah yomwe mukuphunzirayo inakhazikitsidwa mu 1850 ndi anthu a mpingo womwewo motsogozedwa ndi Brigham Young, yemwe BYU inatenga dzina lake. Atsogoleri atatu a mpingowu motsatizana, Gordon B. Hinckley, Thomas S. Monson ndi Russell M. Nelson, onse anaphunzira pa Utah. Kyle Whittingham, amene anaphunzitsa timu ya Utah kwa zaka pafupifupi 20 kuyambira 2005, anasewerera BYU ali mnyamata. Kalani Sitake, wobadwira ku Tonga, amene anatenga timu ya BYU mu 2016, anakhala zaka 10 akuthandizira Whittingham ku Utah. Mu timu yanu momwemo muli anyamata obwera kuchokera ku utumiki wa mpingowo, ndipo pa anthu 50,000 amene amadzaza Rice-Eccles atavala zofiira, ambirimbiri Lamulungu amakakhala pa benchi limodzi ndi a BYU ovala zabuluu. Zili ngati banja la ku Ndirande limene bambo ndi wa Bullets, mwana woyamba wa Wanderers: Loweruka salankhulana, koma nsima amadyera m'mbale imodzi. Chibale ndi fupa, sichiwola. Choncho mukayimba nyimbo yotukwana Amormoni, mwayi ndi waukulu kuti mukutukwana munthu wovala zofiira amene waima pambali panu, kapena mnyamata amene wangokupatsani mapointi.

Sindikunena kuti mkwiyo wa anzanu ulibe pochokera. Kukula m'chigawo cha Utah usali wa mpingowo si chinthu chopepuka. Mpingo uli ndi mphamvu m'ndale, m'malamulo a mowa, m'maubwenzi a ana kusukulu, ndipo amene ali kunja kwake, makamaka amene anatulukamo, amamva kuti amayang'aniridwa pansi. Kwa iwo bwalo la mpira ndi malo amodzi kumene angakuwe. A BYU nawonso anathirirapo mafuta pamoto. Mu 2007, atapambana 17-10, wosewera wawo Austin Collie ananena mawu osonyeza kuti ukamachita zoyenera pabwalo ndi kunja kwa bwalo, Ambuye amalowererapo. Kwa sapota wa Utah, zimenezo zinamveka ngati akuuzidwa kuti wagonja chifukwa ndi wochimwa. Mu 2009 wosewera wina wa BYU, Max Hall, atawina 26-23, anauza atolankhani kuti amadana ndi Utah ndi zonse za kumeneko, ponena kuti abale ake anathiridwa mowa pa bwalo la Utah chaka cham'mbuyo. Anapepesa pambuyo pake, koma mawuwo akukumbukiridwabe. Ine monga munthu wokhulupirira ndimakana zoti Mulungu amasankha timu. Amene amanena zimenezo amachepetsa Mulungu ndipo amaputa mnzake pachabe.

Palinso nkhani imene inu, monga munthu wakuda, muyenera kuidziwa. Mpaka June 1978 mpingowu sunkalola amuna akuda kukhala ansembe. Mu October 1969 osewera akuda 14 a University of Wyoming anafuna kuvala nsalu zakuda pamkono posewera ndi BYU, kusonyeza kusakondwa ndi lamulo limenelo. Mphunzitsi wawo Lloyd Eaton anawachotsa onse mu timu. Chaka chomwecho Stanford inasiya kusewera ndi BYU. Anyamata amenewo anataya zambiri, ndipo Wyoming inadzawapepesa patapita zaka 50, mu 2019. Mu 2016, pamene Big 12 inkaganizira zowonjezera matimu, mabungwe omenyera ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha analemba kalata yotsutsa kuti BYU ilowe, chifukwa cha malamulo a sukuluyo. Mungagwirizane nawo kapena ayi, koma onani mmene anachitira. A Wyoming aja anatsutsa lamulo lenileni, poyera, nkhope zawo zikuoneka, ndipo analipira mtengo wake. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi khamu la ophunzira likukuwa mawu otukwana chipembedzo chonse, monga zinachitikira ku Oregon mu September 2022, mpaka bwanamkubwa wa Utah Spencer Cox anadzudzula ndipo yunivesiteyo inapepesa. Ku Arizona zinachitikanso pa basketball mu February 2025. Onani kuti amenewa si adani akale a BYU. A Oregon alibe mbiri ya mkangano ndi Provo. Pamene palibe mbiri yoti n'kuyimbira, anthu amatola chapafupi, ndipo chapafupi kwa BYU ndi chipembedzo. Ndikuopa kuti kusamukasamuka kwa maligi kudzachulukitsa zoterezi, chifukwa kukukumanitsa masukulu amene sadziwana.

BYU si yoyamba kukumana nazo. Notre Dame, yunivesite ya Akatolika ku Indiana, inakanidwa kulowa Big Ten m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene kudana ndi Akatolika kunali kofala ku America. Inayamba kuyenda dziko lonse kufuna osewera nawo, inapeza masapota m'mizinda yonse, ndipo mpaka lero pa mpira ili payokha ndi mgwirizano wake wa TV ndi NBC umene unayamba mu 1991.

Ndiye muchite chiyani? Valani zofiira zanu. Phunzirani nyimbo ya sukulu yanu ndipo muiyimbe mpaka mawu athe. Kuwani pamene BYU ili ndi mpira kuti asamvane. Akumbutseni za masewero 9 aja, za 54-10 ya mu 2011 pa bwalo lawo lomwe la ku Provo, ndipo iwo akakukumbutsani za 1984 kapena 22-21, pirirani, chifukwa ndiwo mpira. Zonsezi n'zokwanira kudana nazo kwa maola anayi. Nyimbo ikafika pa tchalitchi, tsekani pakamwa. Simukuyenera kulalikira bwalo lonse. Koma mnzanu amene munabwera naye mungamuuze pobwerera kuti inu mumapemphera ndipo mawu aja sanakusangalatseni. Ambiri mwa iwo sanaganizepo kuti munthu wa zofiira angapwetekedwe nazo, ndipo mudzapeza kuti simuli nokha.

Ndipo masewerowa akadzachitikira ku Provo, yesetsani kupeza tikiti. Bwalo la LaVell Edwards limalowa anthu oposa 60,000, lili m'munsi mwa mapiri a Wasatch, ndipo simugulitsidwa mowa. Sitima ya FrontRunner imachoka ku Salt Lake City mpaka ku Provo, choncho galimoto simukuifuna. Mukakhale pakati pa anthu amene anzanu amawanyozawo, muwamve mmene amachemerera, mulankhule ndi amene wakhala pafupi nanu, ndiye mudzandilemberenso kundiuza zimene mwaona.