Timer ikukana masekondi 40: vuto lili pa INT

Achimwene ena amene amagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ku Wadeville anditumizira imelo. Ali ndi S7-1200, PLC ya Siemens (kakompyuta kolamulira makina), yoyendetsa makina osakaniza, ndipo opareta amalemba pa HMI (sikirini yolamulira makina) masekondi amene mota izungulire. Akalemba 30 zonse zili bwino. Akalemba 40, timer imatha nthawi yomweyo ngati kuti sinayambe n'komwe. Akufunsa ngati PLC yawonongeka, komanso chifukwa chake pulogalamu yomweyo atayiyesa pa PLC yakale ya S7-300, CPU (ubongo wa PLC) inaima.

Achimwene, PLC ili bwinobwino, musavutike kuyitanitsa ina. Ndikuganiza kuti nambala ya opareta mukuisunga mu INT (mtundu wa deta wosunga nambala zathunthu), kenako mukuichulukitsa ndi 1000 kuti ikhale mamilisekondi. Ganizo lake ndi lolondola, koma INT ili ndi ma bit 16 okha ndipo imathera pa 32767. Masekondi 30 ndi 30000, akukwana. Masekondi 40 ndi 40000, sakukwana, ndiye nambala imasefukira n'kusanduka -25536. Tsono S7-1200 ikapeza PT (nthawi imene mwaipatsa timer) ili pansi pa ziro imaitenga ngati ziro, n'chifukwa chake Q (chizindikiro choti nthawi yakwana) ikuyaka pompopompo. Yesani 32, igwira. Yesani 33, muona yokha ikulephera. Tsegulani watch table (tebulo loonetsa manambala ali mu PLC), muyang'ane zotsatira za MUL (lamulo lochulukitsa) pamene opareta akulemba, mudzaiona minus ija ndi maso anu.

Mankhwala ake: sinthani INT ikhale DINT (nambala ya ma bit 32) kaye, kenako muchulukitse ndi 1000, kenako muipereke ku TIME, mtundu wa deta wosunga nthawi. Dongosolo limeneli musalisokoneze, chifukwa mukachulukitsa kaye madzi atayika kale, kubweretsa ndowa yaikulu pambuyo sikuthandiza. TIME ya Siemens ndi ma bit 32 owerenga mamilisekondi, ndipo imafika T#24d20h31m23s647ms. Pa HMI ikaninso malire, apansi ndi apamwamba. Opareta wa shifiti ya usiku akatopa amatha kuwonjezera ziro mosadziwa, ndipo si mlandu wake ngati makina amulola.

Za S7-300 ndi nkhani ina, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa makina ena akale akadali pa timer za S5TIME. Iyi si nambala wamba. M'ma bit 16 mwake muli zinthu ziwiri: nambala ya BCD (dijiti iliyonse, 0 mpaka 9, imasungidwa payokha mu ma bit 4) kuyambira 0 mpaka 999, ndi muyeso wa nthawi, womwe ungakhale 10 ms, 100 ms, sekondi imodzi kapena masekondi 10. Mwachitsanzo W#16#2030 ikutanthauza masekondi 30: 2 woyambayo akuti tiwerenge m'masekondi, 030 ndiye kuchuluka kwake. Inu mukangoponyamo 30 wamba, mu hex (kalembedwe ka manambala kogwiritsa 0 mpaka 9 ndi A mpaka F) imakhala 001E. E ameneyo mu BCD kulibe, CPU imaona cholakwa, ndipo ngati mulibe OB121 (gawo la pulogalamu lolandira zolakwa zotere) imapita ku STOP. Ndikukhulupirira ndi zimene zinakuchitikirani. Diagnostic buffer, mndandanda wa zochitika ndi zolakwa mu CPU, ikuuzani. Njira yachidule ndi FC40, TIM_S5TI, ya mu laibulale ya IEC mu STEP 7 (pulogalamu yolembera PLC za Siemens), imene imasandutsa TIME kukhala S5TIME. FC33 imachita zobwerera.

Dziwaninso kuti S5TIME imathera pa masekondi 9990, ndiye kuti maola 2, mphindi 46 ndi masekondi 30. Ndipo nthawi ikamatalika, tizigawo ting'onoting'ono timatayika: masekondi 125.5 sangasungike, chifukwa kupitirira 99.9 muyeso umalumphira pa sekondi yathunthu. Ine pa pulogalamu yatsopano sindiigwiritsanso ntchito, ngakhale S7-1500 ikuilolabe. Ma timer a TON, TOF ndi TP a muyezo wa IEC 61131-3 amawerengeka bwino, ndipo wobwera pambuyo panu sadzakutukwanani.

Mukadzakumana ndi PLC za Allen-Bradley, zosavuta: pa ControlLogix ndi CompactLogix, PRE (nthawi imene mwaika) ndi ACC (nthawi imene yawerengedwa) zonse ndi DINT ya mamilisekondi. Pa SLC 500 yakale yang'anani kaye muyeso, chifukwa PRE yake imathera pa 32767.

Simunafunse, koma poti tili kuno ku Joni kumene magetsi amatha kuthima pakati pa ntchito, ndinenepo. TON imaiwala zonse IN (chizindikiro choiyambitsa) ikangogwa. Ngati chosakanizacho chiyenera kupitiriza pamene chinalekera, gwiritsani TONR (timer yokumbukira pamene inafika), ndipo onetsetsani kuti deta yake mwaiika retain (yosafufutika magetsi akathima), apo ayi magetsi akabwera iyambiranso pa ziro. Za maola amene mota yagwira ntchito, oti mudziwire nthawi ya sevisi, musadalire timer imodzi, poti TIME siifika masiku 25. Werengani mphindi, ikakwana iliyonse muwonjezere 1 mu DINT ya retain, ndipo pa HMI mugawe ndi 60 kuti amakanika aone maola.