Musayambe mwadya nsima musanapite kwa a ku Mexico

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina amene wangofika kumene ku Indiana, kuno ku Amereka, kudzaphunzira unamwino. Anzake a m'kalasi akufuna kumutengera ku kalesitilanti kena ka banja lochokera ku Mexico, koma iye akuopa tsabola komanso mayina a zakudya sakuwadziwa. Ndiye akufunsa ngati si bwino kuyamba wadya nsima kunyumba kuti kumeneko akangolawa mwaulemu.

Chemwali, mawu omalizawo ndi amene andiyabwa. Kupita kwa eni chimanga mutakhuta kale? Ayi ndithu, zimenezo ndakana.

Kuno ku Chicago kuli dera lotchedwa La Villita, ndipo chakufupi ndi 26th Street kuli kamalo komwe ndimakonda kudya Lamlungu ndikakhala kuti sindikugwira ntchito. Matebulo ndi owerengeka, TV ili pakona ikuonetsa mpira wa ku Mexico. Mayi mwini malo amakhala pa chiwaya chachikulu chafulati. Amatapa kamtanda ka chimanga chopera, kukaika pakati pa timapepala tiwiri tapulasitiki, kukafinya ndi chitsulo, n'kukaponya pachiwayapo. Kakayamba kufufuma amakatembenuza ndi zala, osapsa. Ndiyo tortilla imeneyo. Bambo ali kalikiliki kudula nyama, mwana wawo akulandira ndalama uku akulemba za kusukulu pa kauntala. Ine ndimapitira menudo, msuzi wa nthumbwana za ng'ombe wophikidwa ndi tsabola wofiira wouma, womwe malo ambiri otere amaphika Loweruka ndi Lamlungu basi. Umafinyiramo ndimu, kuwaza anyezi, kunyema tortilla n'kususa ndi manja. Palibe amene amakuyang'ana modabwa. Mayiwo akaona mbale yayera amangobweretsa ma tortilla ena otentha atawakulunga m'kansalu, osakufunsa n'komwe.

Ife Amalawi tili ndi matama pa nkhani ya chimanga, ngati ndife tinachiyambitsa. Chonsecho kwawo kwa chimanga ndi ku Mexico. Anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte. Ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitadutsa kale, makolo athu akudya nsima ya mapira ndi mawere. Tomato, nyemba, maungu, mapeyala ndi tsabola nazonso zinachokera mbali yomweyo ya dziko. Ndiye tandiuzeni, chachilendo n'chiyani pa mbale ya anthu amenewa?

Ndipo ndinene mosapsatira, chimanga amachidziwa kutiposa. Iwo amachiwiritsa m'madzi a laimu, kuchisiya usiku wonse, kuchitsuka, kenako n'kuchipera chili chonyowa. Kuteroko kumathandiza kuti thupi lipeze vitamini wotchedwa niacin amene ali m'chimangamo. Mbewu inawoloka nyanja koma nzeru imeneyi inatsala. N'chifukwa chake mu 1990 anthu masauzande othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin, m'misasa ya ku Malawi, mtedza utasiya kufika, iwo n'kumangodalira chimanga. Khungu limathetheka, m'mimba kutseguka, mutu kusokonekera. Inu a unamwino mudzaziwerenga zimenezi. Ife ndiye timachita kukonola, kuviika, kugayitsa, gaga n'kupatsa nkhumba, kenako n'kumanyadira kuti ufa wathu wayera mbee.

Pamene ndili pomwepa, musayerekeze kuphika nsima ndi ufa wa Maseca umene muuone m'masitolo. Ndi ufa wa tortilla umenewo, fungo la laimu lidzakugwetsani ulesi. Komanso anzathu ena amati chakudya cha ku Mexico anachilawa ndipo n'chosakoma, ukafunsitsa upeza kuti anagula pa windo la galimoto tizikamba touma todzaza tchizi chachikasu. Zimenezo si zimene mayi uja amaphikira ana ake. Anthu omwewa ndi amene amatha zaka ku Amereka osalowako m'nyumba ya munthu wa mtundu wina, n'kumadandaula kuti kuno kulibe umunthu. Zimandinyansa, kunena zoona. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka makolo a ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, koma wina akuti sanadye chifukwa sanaone mtanda wa nsima.

Nanga muitanitse chiyani?

Yambani ndi ma taco atatu, omwe ndi ma tortilla opindiramo nyama: carne asada yomwe ndi ng'ombe yowotcha, pollo yomwe ndi nkhuku, ndipo ngati muli olimba mtima, lengua, lilime la ng'ombe lofewa bwino. Tsabola wambiri amakhala mu salsa, kamsuzi kamene amaika pambali, ndiye donthezani pang'ono kaye, ndipo musanamizike kuti yobiriwira siwawa. Pakamwa pakayaka imwani horchata, chakumwa chozizira cha mpunga ndi sinamoni. Ngati nkhumba simudya, pewani al pastor, carnitas ndi chorizo, ndipo funsani ngati nyemba zawo anathira manteca, chifukwa amenewo ndi mafuta a nkhumba. Tengani ndalama zapamanja poti malo ena ang'onoang'ono salandira khadi, ndipo pa bilu muonjezerepo 18 kapena 20 peresenti ya wokutumikirani.