Ndabwerako ku London, koma mtima sukukhazikika

FUNSO: Alangizi, ndine bambo wa ku Chitakale m'boma la Mulanje, ndipo ndimagwira ntchito yoyesa ubwino wa tiyi pa fakitale ina. Mwezi watha abwana ananditumiza ku London kwa masabata atatu kukakumana ndi amene amagula tiyi wathu. Chibwerereni mtima wanga sukukhazikika. Ndinaona kabokosi ka tiyi m'sitolo kumeneko, ndipo nditawerengera mtengo wake m'makwacha ndinakumbukira mayi anga, amene anathyola tiyi zaka zambiri dengu lili kumsana, chiperoni chikuwanyowetsa. Kumudzi abale akudandaula kuti ndinabwera chimanjamanja, pomwe anzanga akuntchito akuti ndayamba kudzimva ndikamafotokoza zimene ndinaona. Kodi ndichite bwanji?

YANKHO: Bambo, takulandirani kuno kwathu. Chimene chikukusowetsani mtendere, monga ndikuonera ine, n'chakuti mwakaona kumathero kwa njira imene kale munkangodziwa chiyambi chake, ndipo si kunyada ayi.

Mukudziwa kale kuti pamafunika masamba aawisi olemera makilogalamu 4 kapena 5 kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Tiyi wathu wambiri amatuluka m'dziko muno m'matumba akuluakulu, atagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula, kenako amakakwera sitima ku madoko monga Beira ndi Durban. Akafika kutsidya la nyanja amamusakaniza ndi wa ku Kenya ndi ku India, popeza wathuyu amakondedwa chifukwa cha kufiira kwake m'kapu, ndipo amamulongedza m'timabokosi tolembedwa dzina la kampani ya komweko. Gawo lalikulu la mtengo umene unakudabwitsani uja limatsalira pa mayendedwe, kusakaniza, kulongedza ndi kugulitsa. Zimenezi zimandipweteka inenso, makamaka ndikaganiza kuti Mulanje wakhala akulima tiyi kuyambira m'ma 1890, koma ntchito yopindulitsa kwambiriyo ikuchitikirabe kunja.

Musalole kuti ululu umenewu ungothera m'nkhani zapamsewu. Lembani lipoti lanu sabata ino zinthu zisanayambe kuiwalika, ndipo m'menemo muonetse chinthu chimodzi chokha chimene ogula anachitchula mobwerezabwereza, kaya ndi kathyoledwe ka masamba awiri ndi nsonga, kaya ndi ukhondo wa m'fakitale, chimene mungathe kuyamba kuchikonza ndi zipangizo zomwe muli nazo kale. Anzanu sakukana nzeru zanu, koma khutu limatopa ndi mawu akuti "kunja amachita zakutizakuti". Afotokozereni zimene wogula anadandaula kapena kuyamikira, kenako muwafunse mmene iwo akuonera, pakuti ena mwa iwo akhala pa makinawo nthawi yaitali kuposa inu.

Za abale sizifunika kutaya nazo tulo. Auzeni mosabisa kuti ndalama za alawansi zinali zolipirira chakudya ndi malo ogona m'mzinda wodula zinthu, osati malipiro apadera.

Koma kwa mayi anu pitaniko Loweruka likubwerali. Mukakhale nawo pakhonde, mukawaonetse zithunzi za sitolo ija pafoni, ndipo mukawauze kuti masamba amene ankathyola m'munsi mwa phiri la Mulanje amamwedwa m'mawa uliwonse ndi anthu a ku London.