Kusonkhera mnzathu ulendo wa kumpikisano wa makadi: n'kuwononga ndalama?

Mchemwali wina wa ku Pretoria wandilembera kalata. Gulu lawo limasewera makadi otchedwa Magic: The Gathering, ndipo ku Cape Town kuli mpikisano wokonzedwa ndi osewera eniake, wopanda kampani kumbuyo. Mnzawo mmodzi alibe yaulendo. Ena akuti asonkhe, ena akuti n'zamanyazi kusonkhera masewera pamene kumudzi makolo akudikira ya feteleza. Achite chiyani?

Achemwali, mwandikhudza pachilonda.

Nditangofika ku Johannesburg ndinkatsuka mbale m'lesitilanti ina. Mnzanga wa kukhitchini ndiye anandikokera kusitolo ya makadi Lachisanu lina madzulo, kumasewera aja amati Friday Night Magic. Ndinkangoonerera. Kaseweredwe kake, kotchedwa draft, kamafuna kuti aliyense agule mapaketi atatu a makadi n'kupanga deki ya makadi 40 pomwepo, ndipo kwa ine ndalama imeneyo inali ya ufa ndi ya taxi. Tsiku lina mwini sitolo anangoti, "Khala pansi, zako zalipiridwa kale." Ndinafunsa kuti walipira ndani, iye n'kungoseka. Mpaka lero sindimudziwa munthuyo. Ndinagonja masewera onse usiku umenewo, koma ndinabwerera kuchipinda changa ndili ndi anthu ondidziwa dzina, osati "mnyamata wa ku Malawi wa kukhitchini uja". Amene sanakhalepo kutali ndi kwawo sangamvetse kuti chimenechi n'chachikulu bwanji. Chipinda chimene ndinasamukira pambuyo pake ndinachipeza kudzera mwa munthu wa patebulo lomwelo.

Ndiye oti n'kuwononga ndalama aja, ine ndikuwakanira. Timasonkhera maukwati, timasonkhera mayunifolomu a kwaya, timasonkhera timu ya mpira ya m'dera kuti ikasewere kwina. Makadi alakwa chiyani? Ndikudziwa, kwathu munthu akaona makadi amaganiza za njuga. Ndipo sindingabise: Richard Garfield atatulutsa Magic mu 1993 kudzera ku Wizards of the Coast, munali lamulo la ante, loti wopambana azitenga khadi la mnzake. Analichotsa pasanapite zaka zambiri, ndipo m'mipikisano yovomerezeka n'loletsedwa. Chotsalapo chondinyansa n'choti ukagula paketi sudziwa zam'kati, ndiye pali anthu amene malipiro awo amathera pomwepo. Koma zimenezo n'zogula makadi, si zokwera basi kukakumana ndi anzako.

Chinanso, makampani akuluakulu opanga masewerawa thandizo lawo limalunjika kwa akatswiri. Taonani Pokémon: mpikisano wa padziko lonse unachitikira ku London mu 2022, ku Yokohama mu 2023, ku Honolulu mu 2024. Yaulendo amapereka ndithu, koma kwa amene ali pamwamba pa mapointi, ndipo mapointiwo umawapeza poyendayenda m'mipikisano. Wa ndalama kale ndiye amapatsidwanso. Ife apansi tikapanda kunyamulana, palibe adzatinyamule. Anthu a Netrunner, masewera enanso a makadi, anazindikira zimenezi: Fantasy Flight Games itasiya masewerawo mu 2018, osewera ongodzipereka anawapitiriza, lero amatchedwa Null Signal Games, ndipo amalola munthu kusindikiza makadi kunyumba n'kulowa nawo mpikisano. Ku Magic kulinso kaseweredwe kotchedwa Pauper, kumene makadi wamba okha ndiwo amaloledwa. Ndimadabwa kuti magulu ambiri amaithawa ngati kuti kutchipa ndi tchimo.

Koma pali kusonkha kwina kumene ndimadana nako ndi mtima wanga wonse. Gulu lina limene ndinkasewera nalo linaganiza zothandiza mnyamata wina wapasukulu. Anamuuza kuti alembe chifukwa chake akufunika thandizo, n'kuika uthengawo pa WhatsApp kuti aliyense avote. Atabwerako, anamujambula atanyamula makadi, n'kulemba pa Facebook mayina a onse amene anapereka. Wina mpaka anamufunsa pagulu kuti, "Ndiye ndalama zathu zija wangokagonja nazo?" Mnyamatayo sanabwerenso. Ngati thandizo lanu likufuna kuti munthu avule ulemu wake kaye, lisungeni. Ndipo musasankhe munthu poyang'ana kuti akawina. Amene amafika msanga kukonza matebulo, amene amaphunzitsa atsopano mosatopa, ameneyo ndiye woyamba kukwera basi.

Nanga musonkhe bwanji?

Choyamba kumbukirani kuti yolowera mpikisano si imene imalepheretsa anthu. Cape Town ili pamtunda wa makilomita oposa 1,400 kuchokera kwanuko, ndiye chimene chimapha ndi thiransipoti, pogona, ndi masiku amene munthu sapita kuganyu. Sankhani msungichuma mmodzi wokhulupirika. Aliyense aziponya kangachepe tsiku lililonse la masewera, osati kudikira mpikisano uyandikire. Tikiti mugule nokha, pogona mugawane chipinda, deki mumubwereke. Msungichuma aziwerengera gulu ndalama zolowa ndi zotuluka, koma dzina la wolandira likhale pakati pa iye ndi munthu mmodzi wina basi. Lemberaninso okonza mpikisanowo. Poti nawonso ndi osewera, nthawi zambiri amadziwa wina wa ku Cape Town amene ali ndi matiresi apadera. Amene akukana kusonkha musawakakamize, ya fetelezayo ndi yofunikadi. Ingowapemphani asamunyoze mnzanuyo.