Chowerengera cha pa intaneti chati ziro: kodi bambo anga akupita?

Achemwali ena andilembera imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Bambo anga ali ndi zaka 74. Amadwala shuga yemwe anawononga impso zawo, komanso mtima wawo supopa bwino magazi. Panopa anawagoneka m'chipatala chifukwa cha chibayo. Usiku wina nditasowa tulo ndinapeza pa intaneti chowerengera chotchedwa Charlson, n'kulembamo matenda awo onse. Chinandipatsa mapointsi 8, n'kunena kuti mwayi woti akhale moyo zaka 10 ndi ziro. Kuchokera tsikulo chakudya sichikulowa. Kodi madokotala amadziwa tsiku lomwe munthu adzamwalire koma amangotibisira?"

Pepani kwambiri achemwali. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo: ayi, sadziwa tsiku. Chimene ali nacho ndi njira zoyerekezera, ndipo Charlson ndi imodzi mwa izo. Koma munaifunsa funso lomwe siinapangidwire kuyankha.

Njirayi anaikonza ndi dokotala wina wa ku New York, Mary Charlson, pamodzi ndi anzake, ndipo anaisindikiza mu 1987. Anatsatira odwala 559 omwe anagonekedwa pachipatala chimodzi mu 1984, n'kuona kuti ndi angati anali atamwalira pakutha pa chaka. Kuchokera pamenepo anasankha matenda 19 n'kuwapatsa mapointsi molingana ndi kuopsa kwake. Mtima wolephera kupopa bwino unapatsidwa 1, shuga wamba 1, shuga wowononga ziwalo 2, impso zowonongeka kwambiri 2, chiwindi chowonongeka kwambiri 3, khansa yofalikira m'thupi 6, Edzi nayonso 6. Kenako anadzawonjezapo msinkhu, ndipo munthu wa zaka za m'ma 70 amalandira mapointsi 3 asananene n'komwe kuti chikumuwawa n'chiyani. Ndiye 8 yanuyo simunaiphonye: 1 ya mtima, 2 ya shuga, 2 ya impso ndi 3 ya zaka.

Nanga ziroyo? Imachokera m'masamu omwe zowerengera zambiri za pa intaneti zimagwiritsa ntchito. Ukafika mapointsi 5 zimati okhala moyo zaka 10 ndi 21 pa 100 alionse, pa 6 zimati 2, ndipo kuyambira pa 7 kupita m'tsogolo zimangoti ziro. Wa mapointsi 7 ndi wa mapointsi 15 onse yankho ndi limodzi. Komanso taonani bwino, chikunena za zaka 10. Sichikunena za sabata ino kapena za chibayochi. Ndipo pofuna kuona ngati njirayi ikulosera bwino pa zaka 10, ofufuzawo anaiyesa pa amayi 685 odwala khansa ya m'mawere, osati pa abambo achikulire a mtima ndi impso.

Sindikunena kuti manambalawa ndi opanda pake. Pa odwala a mu 1984 aja, mwa omwe analibe pointsi iliyonse 12 pa 100 anamwalira m'chaka chimodzi, pomwe mwa omwe anali ndi mapointsi 5 kapena kuposa anamwalira 85 pa 100. Kuchuluka kwa matenda kumafupikitsadi moyo, izi sindikubisirani. Koma m'gulu lomalizalo munthu amatha kulowamo ndi nthenda imodzi yokha, monga khansa yofalikira, ndipo njira yakeyo ndi yosiyana ndi ya bambo anu. Nawo mankhwala anasintha. Edzi inapatsidwa 6 nthawi imene kunalibe mankhwala ophatikiza otalikitsa moyo, omwe anabwera cha m'ma 1996. Lero munthu womwa ma ARV mwandondomeko amakalamba, koma zowerengera zambiri zikanalembabe 6 yomweyo. Ntchito yeniyeni ya Charlson ndi ya ofufuza, kuti akamafanizira zipatala ziwiri kapena mankhwala awiri adziwe ngati gulu lina linali lodwalika kale kuposa linzake. Imawerenga khamu la anthu.

Chinanso, imangophatikiza. Thupi silichita masamu ophatikiza ayi. Matenda a bambo anuwa amakokana: mtima ukafooka impso zimalandira magazi ochepa, impso zikafooka madzi amadzadza m'thupi n'kulemetsa mtima womwewo. Mankhwala ochotsa madzi amapepuza mtima koma akachuluka amaumitsa impso. Metformin, yemwe ambiri a shuga amamwa, amayenera kuchepetsedwa kapena kusiyidwa impso zikafooka kwambiri. Apa ndipatuke pang'ono: musawapatse ibuprofen kapena diclofenac mwa inu nokha ngakhale adandaule msana, chifukwa mankhwala amenewa amapweteka impso zodwala. Anthu awiri a mapointsi 8 akhoza kukhala kuti wina matenda ake onse akugwirika ndi mankhwala, mnzake chilichonse chikugwedezeka.

Za masiku ano m'wodimo, madokotala ndi anamwino amayang'ana zina. Ku Britain, bungwe la Royal College of Physicians linatulutsa njira yotchedwa NEWS mu 2012, n'kuikonzanso mu 2017. Imayang'ana kapumidwe, kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, BP, kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, komanso ngati munthu ali maso bwinobwino kapena wasokonezeka mutu. Mapointsi akafika 5 dokotala ayenera kubwera mwachangu, akafika 7 ndiye kuti zafika povuta. Ubwino wake ndi woti imasintha pa maola ochepa, ndiye imaonetsa komwe wodwala akulowera. M'chipinda cha odwala mwakayakaya muli ina yotchedwa APACHE II, ya mu 1985. Ya chibayo ndi CURB-65. Sikuti chipatala chilichonse chimagwiritsa ntchito mayina amenewa, koma zomwe namwino amalemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi ndi zomwezi.

Imene ine ndimaikhulupirira kwambiri pa okalamba ndi yooneka yachabechabe. Kenneth Rockwood wa ku Canada ndi anzake anatulutsa mu 2005 muyeso wa kufooka kwa thupi, womwe panopa uli ndi magawo 9, kuyambira wamphamvu zake mpaka yemwe ali kumapeto. Sufuna makina. Umafunsa mmene munthu analili milungu iwiri asanadwale: ankayenda yekha? Ankasamba ndi kuvala yekha? Ankakwanitsa kumwa mankhwala popanda womukumbutsa? Amene ankadziyendera yekha ali ndi potsalira mphamvu zolimbana ndi chibayo. Amene anali kale chigonere alibe zambiri, ngakhale mndandanda wa matenda awo utafanana. Mu imelo yanu simunanenepo za zimenezi, chikhalirecho inu ndi amene mukuzidziwa kuposa dokotala aliyense. Kawauzeni.

Za kubisa zija, kafukufuku akuonetsa kuti vuto limakhala lina. Nicholas Christakis ndi Elizabeth Lamont anafunsa madokotala 343 a ku Chicago kuti ayerekeze masiku otsala a odwala 468 omwe matenda awo anali osachiritsika, ndipo zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2000. Olondola anali 20 pa 100 okha. Pa 63 pa 100 madokotala anapereka masiku ambiri kuposa omwe odwalawo anakhaladi ndi moyo. Dokotala naye ndi munthu, amamufunira zabwino wodwala wake. Choncho akakuyankhani kuti "tikuyesetsa" musafulumire kuganiza kuti akukunamizani, koma musakhutirenso ndi yankho limenelo.

Pemphani mphindi zochepa panthawi imene akuyendera odwala. Musafunse kuti "atsala ndi masiku angati", chifukwa mudzangomva kuti palibe akudziwa. Funsani kuti poyerekeza ndi dzulo zinthu zikupita kuti. Funsani chimene chikuwadetsa nkhawa kwambiri, mapapo, mtima kapena impso. Ndipo ngati mtima wanu ungapirire, funsani funso lomwe madokotala ena amadzifunsa okha: "Kodi mungadabwe bambowa atatisiya m'chaka chikubwerachi?" Akati sangadabwe, sizikutanthauza kuti mankhwala asiyidwe. Zikutanthauza kuti nthawi yakwana yoti mukambirane ndi bambo eni ake, akadali okhoza kulankhula, ngati angafune makina opumira kapena otsuka magazi zinthu zitavuta, komanso yofunsa za chisamaliro chochepetsa ululu ndi kubanika, chomwe chimatha kuyendera limodzi ndi mankhwala enawo.

Mukakhala pambali pa bedi, itanani namwino msanga mukaona akupuma mofulumira kuposa kale, akulankhula zosokonekera, akuvuta kudzutsa, kapena mkodzo wachepa kwambiri. Ndipo inunso kadyeni, achemwali, ntchito yodwazika ndi yaitali.